Mafunso ndi mayankho okhudza chisamaliro cha hospice kwa mabanja athu a mu Harare

Mafunso ali m'munsiwa ndakhala ndikufunsidwa ndi abale athu olankhula Chichewa a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Dzivarasekwa, ena potuluka m'tchalitchi, ena pa siwa usiku anthu atatopa ndi kuyimba. Amandifunsa chifukwa akudziwa kuti ndinadwazikapo azakhali anga kwa miyezi isanu ndi iwiri, mpaka pamene anatisiya ali m'chipinda chawo, ndipo m'miyezi itatu yotsiriza tinkathandizidwa ndi anamwino a hospice. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti miyezi inayi yoyambirira azakhaliwo anavutika ndi ululu umene ukanatha kuchepetsedwa, tikanadziwa msanga khomo loti tigogodepo.

Kodi hospice n'chiyani kwenikweni?

Hospice ndi chisamaliro chimene chimaperekedwa kwa munthu amene akudwala matenda oti madokotala aona kuti sangachiritsike, ndipo cholinga chake ndi kuchepetsa ululu ndi mavuto ena kuti masiku amene munthuyo watsala nawo, kaya ndi masabata kaya ndi zaka, akhale opepukirako kwa iye ndi kwa banja lake. Ambiri akamva dzinali amaganiza za nyumba yogonekamo anthu amene akutsirizika, koma ntchito yaikulu ya hospice kuno kwathu imachitikira m'makomo momwe, pa bedi kapena pa mphasa imene wodwalayo anaizolowera.

Ntchito imeneyi, monga tikuidziwira masiku ano, inayambitsidwa ndi Cicely Saunders, mayi wa ku England amene anali namwino kenako n'kudzakhala dokotala, ndipo anatsegula St Christopher's Hospice mumzinda wa London m'chaka cha 1967. Mayiyu ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu wodwala kwambiri sukhala m'thupi mokha. Pamakhalanso nkhawa ya mumtima, vuto la ndalama ndi la ana amene atsale, komanso mafunso okhudza Mulungu ndi imfa, ndipo zonsezi zimakulitsana. Aliyense amene anachezerapo usiku ndi wodwala akudziwa kuti zimenezi n'zoona, chifukwa bambo amene akudandaula za lendi ya nyumba ndi fizi ya ana sagona ngakhale atamwa mankhwala amphamvu chotani.

Kodi kuitana a hospice si kuvomereza kuti tataya mtima pa m'bale wathu?

Funso limeneli ndi limene limachedwetsa mabanja ambiri, ndipo nafenso linatichedwetsa. Pa chikhalidwe chathu, kulankhula za imfa munthu akadali moyo kumaoneka ngati kumulodza kapena kumufunira zoipa, choncho mwana amene watchula za hospice pa msonkhano wa banja amayang'anidwa ngati watopa ndi kudwazika kholo lake.

Koma taganizirani zimene zimachitika banja likakana chithandizochi. Wodwala amatulutsidwa m'chipatala ndi mawu akuti palibenso chimene chingachitike, monga mmene ife tinauzidwira pa chipatala china, ndipo amabwerera kunyumba ndi timapiritsi ta Panado basi. Usiku akayamba kubuula, banja limafunafuna galimoto, kulipira ndalama zimene lilibe, kukadikira pa mzere mpaka mbandakucha, n'kubwerako wodwala atafookeratu ndi ulendo. Kumeneko si kumenyera nkhondo moyo wa munthu ayi, ndi kumuzunza mosadziwa. Mawu akuti palibenso chimene chingachitike ndi olakwika nthawi zonse, pakuti ngakhale nthendayo isachizike, ululu ungathe kuchepetsedwa, chilonda chingathe kutsukidwa fungo n'kutha, nseru ingathe kuletsedwa, ndipo munthu angathe kugona tulo.

Tiyeneranso kudziwa kuti a hospice safulumizitsa imfa ndipo saichedwetsa. Munthu angathe kumalandira chisamaliro chochepetsa ululu uku akupitiriza kumwa ma ARV, kapena akupita ku chipatala cha Parirenyatwa kukalandira chithandizo cha khansa. Alipo ena amene ululu ukachepa amayambanso kudya ndi kuyenda pabwalo, mpaka anamwino amayamba kubwera patalipatali.

Ndi matenda ati amene munthu angalandire nawo chisamaliro chimenechi?

Khansa ndiyo imadziwika kwambiri, makamaka ya khomo la chiberekero kwa amayi ndi ya prostate kwa abambo, zomwe ndi zofala m'Zimbabwe muno. Koma chithandizochi n'choyeneranso kwa amene Edzi yawafooketsa kwambiri, amene mtima, impso, chiwindi kapena mapapo zasiya kugwira bwino ntchito, amene anafa ziwalo ndi sitiroko, ndiponso okalamba amene nzeru zawo zikusokonekera moti sazindikiranso abale awo. Ana nawonso amalandira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 56.8 miliyoni amafunika chisamaliro chochepetsa ululu, koma amene amachilandira ndi pafupifupi 14 okha mwa 100 alionse.

Kodi mu Harare muno tingachipeze kuti?

Ambiri sadziwa kuti hospice yoyamba mu Africa monse inayambira mumzinda uno. Island Hospice, imene tsopano imatchedwa Island Hospice and Healthcare, inakhazikitsidwa mu 1979 ndi Maureen Butterfield, mayi amene mwana wake wamkazi anamwalira ndi khansa akadali mtsikana, ndipo iye ataona mmene banja limasowera pogwira pa nthawi yotero anaganiza zoyambitsa ntchitoyi. Ndi bungwe losachita malonda, ndipo antchito ake amayendera odwala m'makomo ndi m'zipatala. Palinso bungwe la HOSPAZ limene limagwirizanitsa mabungwe ogwira ntchito imeneyi m'dziko muno, ndi Cancer Association of Zimbabwe imene imapereka uphungu kwa odwala khansa.

Njira yapafupi ndi kufunsa dokotala kapena namwino amene akuona wodwala wanu, kaya ndi ku Parirenyatwa, ku chipatala cha Sally Mugabe kumene ambiri timakutchabe kuti ku Gomo, kapena ku kiliniki ya m'dera lanu, kuti akulembereni kalata yokutumizani. Musadikire kuti iwo ayambe kutchula, chifukwa pa unyinji wa odwala amene amaona tsiku limodzi angathe kuiwala. Sungani makadi onse a kuchipatala ndi zotsatira za zoyeza m'chikwama chimodzi, pakuti a hospice adzafuna kuziona tsiku loyamba.

Akabwera kunyumba amachita chiyani?

Ulendo woyamba umakhala wautali. Namwino amakhala pansi ndi wodwala n'kumufunsa kuti pakupweteka ndi pati, ululuwo umayamba nthawi yanji, umatha ndi chiyani, akugona bwanji, akudya bwanji, ndiponso anapita liti kuchimbudzi. Kenako amaona mankhwala onse amene ali m'nyumbamo, ndipo mogwirizana ndi dokotala amakonza ndondomeko ya kamwedwe. Amaphunzitsanso banja ntchito za manja: kutembenuza wodwala pa maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda pa msana, m'chiuno ndi pa zidendene, kumusambitsa ali chigonere, kusintha nsalu za pabedi osamunyamula, kutsuka m'kamwa ndi kansalu konyowa, ndi kumanga chilonda. Chilonda chikamanunkha pali mankhwala amene amathirapo fungo n'kuchepa kwambiri, ndipo chimenechi si chinthu chaching'ono, chifukwa fungo ndi limene limathawitsa odzazonda matenda n'kumusiya wodwala yekha ndi manyazi.

Apa ndionjezerepo za chilankhulo. Anamwino ambiri amalankhula Chishona ndi Chingerezi, pamene agogo athu ena, ngakhale akhala kuno zaka makumi asanu, matenda akakula amabwerera ku Chichewa kapena Chiyao chimene anayamwira. Pakhale munthu wa m'banja womasulira mosamala, chifukwa kubaya, kuotcha, kuluma, kupota, kuphwanya m'thupi ndi dzanzi si ululu umodzi, ndipo mankhwala ake amasiyana. Ululu wootcha kapena wonyerenyetsa wotsikira m'mwendo kawirikawiri umachokera m'mitsempha, ndipo umafuna mankhwala ena apadera. Womasulira akangoti "akuti zikupweteka", namwino wamanidwa theka la nkhani.

Tinamva kuti mofini amapha kapena kusokoneza bongo. Kodi n'zoona?

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ife tinalakwitsa kwambiri. Tsiku limene botolo la mofini wamadzi, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, linafika m'nyumba mwathu, mmodzi mwa akuluakulu a m'banja ananena kuti mankhwala amenewo amapatsa anthu oti afe, ndipo botololo linabisidwa pamwamba pa kabati, kumbuyo kwa mbale za alendo. Linakhala pamenepo masiku anayi. Usiku wachinayi magetsi anali atazima, ndipo ndinkaona azakhali pa kuwala kwa kandulo ataluma nsonga ya chitenje kuti ana ogona pabalaza asawamve, thukuta likuyenderera m'khosi. M'mawa namwino atabwera sanatikalipire. Anatsitsa botolo lija, anakhala pa mpando wa pafupi ndi bedi, anayeza mlingo ndi kajakisoni kopanda singano, n'kuwadonthezera m'kamwa ife tikuona. Lisanathe ola limodzi azakhali anamasula chitenje chija, anapempha tiyi wothira mkaka, ndipo anafunsa ngati nkhuku zatsekulidwa. Anakhalanso ndi moyo pafupifupi miyezi itatu, akumwa mofini tsiku lililonse, akucheza ndi kuzindikira aliyense mpaka sabata yotsiriza.

Chimene chimachititsa anthu kuganiza kuti mofini amapha n'chakuti nthawi zambiri amaperekedwa mochedwa, munthu atatsala maola ochepa, ndiye akamwalira anthu amaloza botolo m'malo moloza nthenda. Akaperekedwa pa mlingo woyenera, woyambira pang'ono n'kumakwezedwa ndi dokotala malinga ndi ululu, mofini ndi mankhwala odalirika, ndipo n'zosowa kwambiri kuti wodwala amene akumwa chifukwa cha ululu weniweni wa matenda otere asanduke chidakwa cha mankhwalawo.

Mu 1986 bungwe la WHO linatulutsa ndondomeko ya makwerero atatu yothanirana ndi ululu wa khansa. Ululu wochepa umayambira pa mankhwala monga Panado, ukakula amaonjezera ena monga codeine, ndipo ukafika poopsa amapereka mofini. Mfundo yaikulu ya ndondomekoyi ndi yakuti mankhwala azimwedwa motsata wotchi, osadikira kuti ululu ubwerere. Mofini wamadzi mphamvu yake imatha pakapita maola anayi, choncho amamwedwa pa maola anayi alionse. Palinso mapiritsi ena otulutsa mphamvu pang'onopang'ono amene amamwedwa pa maola 12 alionse, ndipo amenewa sayenera kuphwanyidwa kapena kutafunidwa. Njira yosungunula mofini kuti azimwedwa kunyumba pa mtengo wotsika inafalitsidwa kwambiri mu Africa ndi Dr Anne Merriman, amene anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993.

Mavuto ake alipo ndipo tisawabise. Pafupifupi aliyense womwa mofini amadzimbidwa, choncho amayenera kumweratu mankhwala ofewetsa m'mimba kuyambira tsiku loyamba. Masiku oyambirira munthu angathe kumawodzera kapena kuchita nseru, koma izi kawirikawiri zimatha patapita masiku ochepa. Musasinthe mlingo panokha, musasiye mwadzidzidzi, musagawireko munthu wina, ndipo botolo lizikhala pamene ana sangafikepo. Lembani m'kope nthawi iliyonse imene mwapereka, makamaka ngati odwazika matenda mukusinthana.

Wodwala wathu akukana chakudya. Timukakamize?

Kwa ife chakudya ndi chikondi, ndipo mayi amene waphika phala n'kuliona likubwerera momwemo amamva ngati walephera. Koma matenda akafika patali thupi limasiya kufuna chakudya, ndipo munthu samwalira chifukwa wasiya kudya, amasiya kudya chifukwa nthenda yakula. Kumukakamiza kumabweretsa kusanza ndi kutupa m'mimba, ndipo ngati kumeza kwayamba kuvuta chakudya chingathe kulowera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Mupatseni chimene walakalaka, pang'onopang'ono, ali chokhala: masipuni awiri a phala, kachidutswa ka papaya, maheu pang'ono. Akakana, musiyeni, koma milomo ndi m'kamwa muzinyowetsa kawirikawiri, pakuti kuuma kwa m'kamwa ndi kumene kumasautsa kuposa njala. Komabe mudziwitseni namwino, chifukwa nthawi zina chomwe chikumuletsa kudya ndi zilonda za m'kamwa kapena kudzimbidwa, zomwe zingathe kuchizidwa.

Kodi tiyenera kumuuza wodwala kuti sachira?

Mabanja ambiri amapempha madokotala kuti abise, ndipo amatero chifukwa cha chikondi. Ine maganizo anga ndi akuti odwala ambiri amadziwa kale, chifukwa thupi ndi lawo, ndipo amakhala chete pofuna kuteteza ife monga mmene ife tikuchitira pofuna kuteteza iwo. Mapeto ake aliyense amalira payekha. Aphungu a hospice sakakamiza munthu kumva zimene sakufuna. Amayamba ndi kumufunsa zimene iye akudziwa ndi zimene akufuna kudziwa, ndipo amayenda pa liwiro lake, komanso angathe kukhala nawo pa msonkhano wa banja pamene pali amalume ndi ena amene mawu awo amalemera.

Munthu amene wauzidwa zoona amapeza mpata woitana mwana amene ali ku Johannesburg, wokhululukirana ndi m'bale amene anayambana naye, ndi wonena za katundu wake. Nkhani ya wilo ndi yofunika, chifukwa tonse taonapo amasiye akulandidwa nyumba maliro asanazizire. Malamulo a Zimbabwe amafuna kuti wilo ikhale yolembedwa, isainidwe ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zisakhale anthu amene akulandira kanthu mu wiloyo. Ichitike munthu akadali ndi nzeru zake zonse.

Akulu athu akupempha kuti akafere kumudzi ku Malawi. Tichite bwanji?

Pempho limeneli ndi lolemera ndipo liyenera kumvedwa msanga. Ulendo wa pa basi wodzera ku Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kukalowa m'Malawi pa Mwanza kapena pa Dedza, umatenga tsiku lathunthu ndi kudikira pa zipata za malire, ndipo munthu amene wafooka kwambiri sangaukwanitse. Ngati ulendowo uchitike, uchitike akadali ndi mphamvu zokhala tsonga. Funsani dokotala ngati wodwalayo angayende, tengani kalata yofotokoza matenda ndi mankhwala onse, makamaka mofini amene malamulo ake ndi okhwima pa malire, ndipo konzeranitu kumene akapitirize chithandizo. Ku Blantyre kuli kiliniki ya Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo zipatala zambiri za m'maboma ndi za mishoni zili ndi anamwino ophunzitsidwa ntchito imeneyi.

Koma mufunsenso mofatsa chimene akuluwo akufunitsitsa. Nthawi zina amene anachoka ku Dedza kapena ku Mangochi ali mnyamata kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, kumudziko sikunatsale womudwazika, ndipo chimene mtima wake ukulira ndi kumva mawu a mlongo wake pa foni, kudya nsima ya chambo chouma, kapena kulonjezedwa kuti akadzagona kwawo.

Nanga mapemphero ndi mankhwala achikuda?

A hospice amalemekeza chikhulupiriro cha wodwala, ndipo abusa, ansembe, mashehe, amayi a Mvano ndi a m'miphakati ndi mbali ya chisamalirochi. Chofunika n'chakuti pemphero lisakhale chifukwa chotayira mankhwala, ndipo wodwala asauzidwe kuti sakuchira chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa, pakuti mawu otere amamuonjezera katundu amene sayenera kusenza. Ngati akumwa zitsamba, muuzeni namwino mosabisa, chifukwa zina zimalimbana ndi mankhwala a kuchipatala kapena kulemetsa impso ndi chiwindi.

Kodi wodwazika matenda amathandizidwa bwanji?

Kawirikawiri katundu yense amagwera munthu mmodzi, mwana wamkazi kapena mtengwa, amene amasiya geni yake ku msika, kuchapa, kutunga madzi pa mjigo, ndi kuchezera usiku uliwonse, pamene ena amangobwera Lamlungu ndi malangizo. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. A hospice amafunsanso za moyo wa wodwazikayo, amamumvetsera akatopa kapena akakwiya, ndipo amathandiza banja kugawana ntchito: wina achezere usiku uwiri pa sabata, wina agule magolovesi, sopo ndi matewera, ndipo amene ali kunja atumize ndalama pa tsiku lodziwika. Ana nawonso asathamangitsidwe m'chipinda popanda kuwafotokozera kanthu, chifukwa mwana amene sanauzidwe amadzipangira yekha nkhani yoopsa kuposa yeniyeniyo, ndipo ena amafika podziimba mlandu.

Kodi zimafuna ndalama zingati?

Funsani poyera tsiku loyamba, ndipo ngati m'thumba mulibe nenani momwemo, chifukwa mabungwe amenewa amayendera thandizo la anthu akufuna kwabwino ndipo anazolowera kugwira ntchito ndi mabanja osowa. Manyazi a umphawi asakuletseni kugogoda.

Tidzadziwa bwanji kuti nthawi yayandikira?

Munthu amayamba kugona nthawi yaitali, kulankhula pang'ono, ndi kusiya kumeza. Manja ndi mapazi zimazizira, mkodzo umachepa, ndipo kapumidwe kamasintha, nthawi zina kuima kwa kanthawi n'kuyambiranso. Pakhosi pangathe kumveka phokoso la makhololo, limene limaopsa omvera koma kawirikawiri silimuvutitsa wodwalayo, ndipo kumugoneka cham'mbali kumathandiza. Ngati sakuthanso kumeza mankhwala, imbirani namwino kuti akuuzeni njira ina yoperekera. Pitirizani kumulankhula, kumuyimbira ndi kumugwira dzanja, chifukwa anamwino amaphunzitsa kuti makutu amamvabe ngakhale munthu atasiya kuyankha, ndipo pa chifukwa chomwecho nkhani za bokosi ndi za mikangano ya katundu zikakambidwire kunja.

Funsiranitu namwino zoyenera kuchita munthu akamwalirira kunyumba, ndani woyamba kumudziwitsa ndi mapepala amene adzafunike kuti mupeze chilolezo choika maliro. Onaninso ngati zopereka za ku sosayiti ya maliro zili bwino komanso ngati chiphaso cha wodwala chilipo, pakuti agogo athu ena mapepala awo ndi osalongosoka, ndipo zimenezi zimasautsa kwambiri zikatulukira pa tsiku la maliro.

Kodi thandizo limatha munthu akaikidwa m'manda?

Ayi. Uphungu kwa oferedwa ndi mbali yaikulu ya ntchito ya Island Hospice, ndipo amathandiza akulu ndi ana omwe, ngakhale amene m'bale wawo anamwalira mwadzidzidzi osadutsa m'manja mwawo. Pa maliro athu anthu amadzaza nyumba masiku atatu, koma tikabwerako ku manda a ku Mbudzi kapena a ku Warren Hills n'kubalalika, wofedwa amatsala yekha ndi bedi lopanda munthu, ndipo chisoni chenicheni chimayamba pamenepo. Kusowa tulo, kuiwalaiwala, kukwiya, ngakhale kumva mpumulo kuti kuvutika kwatha, zonsezi zimachitikira anthu ambiri ndipo si tchimo. Zikapitirira mpaka munthu kulephera kugwira ntchito, kuyamba kumwa mowa mopitirira muyeso, kapena kuganiza zodzipha, afunika kuonana ndi mphungu kapena dokotala mwamsanga.

Mankhwala otsala, makamaka mofini, abwezedwe kwa namwino kapena ku famase, osawasunga m'nyumba kapena kupatsa wina. Ife tinabweza theka la botolo patatha sabata ziwiri, pamodzi ndi kope lija tinkalembamo maola, ndipo namwino amene analandira anatikhazika pansi n'kutifunsa mmodzimmodzi ngati tikugona tulo usiku.